Wailesi Siipsa Isanakuchenjezeni

Pa Silverest, m'mbali mwa msewu wa Great East mukangopitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, pali mnyamata woyendetsa takisi amene anapsereza mawailesi awiri a m'galimoto mvula isanagwe. Ndi wachibale, choncho dzina lake ndilibisa. Galimoto yake ndi Toyota yogwirapo kale ntchito ku Japan, imodzi mwa zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa Nakonde. Makasitomala ake ambiri ndi ophunzira a pa University of Lusaka, imene ili ndi sukulu yake komweko ku Silverest, ndiponso anthu a ku Silverest Gardens opita kuntchito m'tauni.

Wailesi yobwera ndi galimoto anaichotsa pa chifukwa chomveka. Mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekezera pa 90, pamene masiteshoni a kuno amayambira pa 87.5 kukafika pa 108. Ndiye kuti mumangomva awiri atatu a kumunsi, ena onse amakudutsani. Mabatani nawonso ndi olembedwa m'Chijapani. Mnyamatayo analowa m'tauni n'kukagula wailesi yatsopano ya Bluetooth, yolembedwa 50W x 4 pakatoni. Anailumikiza ku masipika anayi amene anabwera ndi galimoto, ndipo inkalira bwinobwino. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino palibe.

Koma ana asukulu amafuna besi. Lachisanu madzulo amakwera foni ili kale m'manja, ndipo takisi yosagunda amailambalala n'kukwera ya mnzake. Mnyamata uja anapeza masipika awiri aakulu, aja a 6x9, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasulidwa. Mmisiri wa pansi pa mtengo anasenda mawaya a masipika a kumbuyo, n'kupotera a masipika atsopano pomwepo, plus ku plus, minus ku minus, kenako tepi yakuda. Patapita masabata angapo anawonjezera bokosi la wufa m'buti, nalonso n'kulipachika pa mawaya omwewo a kumbuyo kumanja. Amplifaya panalibe.

Wailesi inafa masana ena a mu Okutobala, galimoto zitathithikana cha ku Chelstone. Magetsi ake ankayaka, mawu osatuluka. Anagula ina n'kuizika pa pulagi yomweyo osakhudza waya ngakhale mmodzi. Yachiwiriyi sinakhalitse n'komwe, ndipo potsanzika inafuka utsi n'kusungunula mawaya kuseri kwa dashibodi, m'galimoto muli makasitomala.

Mwina mukuti ameneyo ndi wosasamala. Nanga inuyo, masipika a m'galimoto yanu ndi a ma ohm angati? Munawatembenuzapo n'kuwerenga zolembedwa pa maginito? Amene anakumangirani wufa munamuona atagwira mita, kapena anangoyesa ndi khutu?

Sipika iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mmene imakanizira magetsi kudutsa m'koyilo yake. Nambalayo imawerengedwa m'ma ohm, ndipo lamulo lake analisindikiza mu 1827 mphunzitsi wa ku Germany, Georg Simon Ohm: mavoti mukawagawa ndi ma ohm, mumapeza ma ampere oyenda m'waya. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4 ohm, a m'nyumba ambiri ndi a 6 kapena 8. Mawailesi ambiri ogula padera, kaya ndi a Pioneer, Sony, Kenwood kapena JVC, anapangidwira masipika a pakati pa 4 ndi 8 ohm pa tchanelo chilichonse. Zimenezi zinalembedwa m'kabuku kaja mumatayira kumodzi ndi katoni.

Pamene ambiri amagwera ndi apa: nambala ya ma ohm ikamachepa, mtolo wa wailesi ndiye ukulemera. Injini ikamalira, batire limakhala pa mavoti pafupifupi 14. Mwa amenewo, wailesi ikadzikoka kwambiri imapereka ku sipika mavoti osapitirira 10 mawu asanayambe kuphwanyika. Gawani 10 ndi 4, mupeza ma ampere 2.5. Umenewo ndiwo mtolo umene tchanelo chimodzi chinapangidwira. Tsopano poterani sipika ina ya 4 ohm pa mawaya omwewo monga anachitira mmisiri uja, kalumikizidwe kamene amisiri amati parallel. Ambiri amaganiza kuti 4 ndi 4 zipanga 8. Ayi ndithu, zimatsika kufika pa 2, chifukwa magetsi mwawatsegulira njira yachiwiri. Gawani 10 ndi 2, ndi ma ampere 5. Pachikaninso wufa ya 4 ohm pomwepo, masipika atatu pa mawaya amodzi amatsitsa nambala kufika pa 1.3, ndipo tchanelo chija chikuumirizidwa kupereka ma ampere 7.5, kuwirikiza katatu muyezo wake.

Ambiri ku Silverest amamwa madzi a pa borehole, ndiye akudziwa zimene zimachitika pampu yogulira nyumba imodzi ikalumikizidwa ku nyumba zitatu, mipopi yonse n'kusiyidwa yotsegula. Madzi amatuluka ndithu, koma pampu sipuma, imatentha, mapeto ake imapsa. M'wailesi, chosenza mtolo wonsewu ndi ka IC kamodzi, kotalika masentimita pafupifupi 3, komangiriridwa ku chitsulo cha aluminiyamu cha kumbuyo. Chitsulocho ndicho chokha choziziritsa. Mawailesi ambiri alibe fani, kuseri kwa dashibodi mpweya suyenda, ndipo mu Okutobala kutentha kwa ku Lusaka ndi ku Chongwe kumapitirira madigiri 30 panja, tisanene za m'galimoto yokhala padzuwa kudikira makasitomala.

Tibwerere pansi pa mtengo paja, nthawi imene waya anali atasendedwa koma asanapotedwe. Sipika inali m'manja mwa mmisiri. Kungoitembenuza kunali kokwanira, poti pa maginito pamakhala kapepala kolembedwa 4Ω. Kuwerenga masipika amene ali kale pa mawayawo kunalinso kosavuta, ndi mmodzi kuwonjezapo mmodzi basi. Mmisiri sanatembenuze, mwini galimoto sanafunse. Funso linali limodzi lokha: "Zilira, madala?" Madala aja sanayankhe ndi pakamwa, anangoyatsa wailesi n'kukweza voliyumu. Zinaliradi, mwamphamvu kuposa kale, mpaka anyamata oitanira minibasi anacheuka. Mnyamata analipira akumwetulira.

Chonyenga chili pamenepo. Masipika olumikizidwa molakwika salira moipa tsiku loyamba. Amalira mokoma, chifukwa wailesi ikutulutsadi mphamvu yochuluka, kungoti ikudzidya yokha. Kuyesa kwa mphindi ziwiri galimoto ili pamthunzi, wailesi ili yozizira, sikuonetsa kanthu. Vuto limadikira ulendo wa ku Chongwe ndi kubwerako, dzuwa lili paliwombo, nyimbo zosalekeza. Pofika nthawi imeneyo ndalama mmisiri anadya kale, ndipo mukabwererako adzati munagula wailesi yachinyengo.

Sindikunyoza amisiri onse a m'mbali mwa msewu. Alipo odziwa ntchito, amene sakhudza waya asanapime. Koma alipo enanso amene amadziwa bwino lomwe kuti zipsa, n'kumanga ndithu, chifukwa kasitomala akauzidwa kuti akagule kaye amplifaya amanyamuka kupita kwa wovomera. Inu mukanamvera? Kapena mukanati akufuna kukudyerani ndalama?

China chimene chinamupusitsa ndi nambala ya pakatoni. Iye ankawerenga 50 kanayi n'kumaona mawati 200 m'mutu mwake, okwanira kugawira masipika ena. Koma 50W imeneyo ndi mphamvu ya kanthawi kochepa zedi, mawu ataphwanyika kale. Mphamvu imene wailesi yotere imapereka mosalekeza, ija amalemba kuti RMS, nthawi zambiri imakhala pakati pa mawati 14 ndi 22 pa tchanelo. Ku America makampani anachita kukhazikitsa muyezo wa CEA-2006, woyeza pa 4 ohm ndi mavoti 14.4 mawu asanaphwanyike kupitirira 1 peresenti, chifukwa manambala a pamakatoni anali atanyanya. Nayonso wufa yolembedwa 1000W isakunamizeni. Sipika sipanga mphamvu, imangolandira imene yapatsidwa.

Wailesi yoyamba ija inadandaula masabata ndithu isanafe, ndipo madandaulo ake ndi omwewo amene mwina yanu ikupereka panopa.

Kunayamba kutentha. Fulashi akaizula inkakhala yootcha moti n'kuisinthira dzanja lina. Wailesi iliyonse imafunda ikamalira, koma ikafika poti chala sichingakhalitse pankhope pake, dziwani kuti chitsulo cha kumbuyo chatentha kuposa pamenepo. Iye ankati ndi dzuwa. Nanga bwanji inkatenthanso usiku?

Kenako mawu anayamba kuduka. Nyimbo ikafika pamene ng'oma ikugunda kwambiri, zii, magetsi a wailesi akuyaka ndithu. Pakapita kanthawi mawu ankabwerera okha. Ankanamizira Bluetooth, nthawi zina foni ya kasitomala, nthawi zina mabampu a misewu ya fumbi yolowa m'mapuloti. Chinkadula mawuwo ndi chitetezo cha mkati mwa IC, chimene chimatseka kutentha kukafika poipa kapena magetsi akachulukitsa. Mawailesi ena amachita kulemba poyera: a Pioneer amaonetsa AMP ERROR, a Kenwood amaphethiritsa PROTECT. Chitetezo chimenechi chingakupulumutseni kangapo, koma sichinapangidwe kuti chizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Nthawi iliyonse imene mwadikira kuti izizire n'kukwezanso voliyumu pomwe inali, mwaifupikitsira moyo. Mwachitapo zimenezi kangati mwezi uno?

Panalinso zizindikiro zing'onozing'ono zimene munthu amazizolowera. Magetsi a pankhope ya wailesi ankachita mdima pang'ono besi ikagunda. Mawu a woimba ankasasa voliyumu isanafike patali, pamene kale ankamveka bwino pamalo omwewo. Mbali ya kumanja, kumene kunali masipika atatu, inkayamba kuphwanyika mawu ya kumanzere ikadali bwino. Kuphwanyikako musakutenge ngati nkhani ya kukoma kwa nyimbo chabe. Wailesi ikakanika kupereka zimene mukuifunsa imadula nsonga za mafunde a mawu, ndipo mafunde odulidwawo amatenthetsa koyilo ya sipika, makamaka ya titwita. Ndiye mumataya zonse, wailesi ndi masipika omwe. Kenako kunabwera kafungo ka vanishi wopserera, kamene kankamveka akaima pa roboti n'kuchoka akayamba kuyenda. Iye ankati ndi mabuleki a basi ya kutsogolo.

Wailesi yachiwiri ndiyo imandikwiyitsa. Munthu wapsereza chinthu chatsopano, osadzifunsa n'komwe kuti chapsa chifukwa chiyani. Safunsa anadya phula. Kumbuyo kwa mawailesi ambiri kuli fyuzi ya ma ampere 10. Ya wailesi yachiwiriyi inaduka, iye n'kuika ina. Inadukanso, ndiye anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'kuibwezera, poti madalaivala anzake anamuuza kuti amatero. Fyuzi ikaduka kawiri ndiye kuti pali chimene chikukoka magetsi mopitirira muyezo, ndipo kuikulunga sikuchotsa chinthucho. IC ikapsa nthawi zina imagundanitsa magetsi mkati mwake, ndiye batire la galimoto, limene limatha kutulutsa ma ampere mazanamazana poliza injini, limathira zonse m'kawaya kowonda. Tsiku la utsi lija, chimene chinaletsa moto ndi fyuzi ya galimoto yeniyeniyo, ya m'bokosi la pansi pa chiwongolero, imene mwamwayi anali asanaipeze kuti nayonso aikulunge. Kuseri kwa dashibodi ndi pulasitiki yokhayokha, m'bale wanga. Mukanakhala inu, mwana ali pampando wa kumbuyo, mukanatsegula zitseko zonse nthawi yake?

Kupima sikufuna sukulu. Zimitsani galimoto, zulani pulagi ya kumbuyo kwa wailesi. Mawaya a masipika pa mawailesi ogula padera ali ndi mitundu yodziwika: oyera ndi a kutsogolo kumanzere, otuwa a kutsogolo kumanja, obiriwira a kumbuyo kumanzere, apepo a kumbuyo kumanja, ndipo pa awiri alionse wokhala ndi mzere wakuda ndiye minus. Ikani multimeter pa ma ohm, pa muyezo wotsikitsitsa. Gundanitsani kaye nsonga zake ziwiri muone nambala imene ikuonetsa yokha, mwina 0.2 kapena 0.4, kuti mudzaichotsere pa zimene mupeze. Kenako gwirani mawaya awiri a tchanelo chimodzi, mbali yopita ku masipika. Sipika ya 4 ohm imaonetsa pakati pa 3 ndi 4, ya 8 ohm imaonetsa 6 kapena 7. Mita imawerenga mocheperako pang'ono chifukwa imayeza ndi magetsi a kabatire kake osati a nyimbo, ndiye musadabwe nazo. Mukaona nambala ya pansi pa 2, pamenepo pali masipika awiri kapena sipika ya 2 ohm. Mukaona pafupi ndi 1, pulagi musaibwezere.

Samalani kwambiri ndi masipika a m'galimoto zophwasulidwa. Galimoto zina zimatuluka kufakitale ndi zoimbira za Bose kapena JBL, ndipo masipika ake ambiri ndi a 2 ohm, ena kucheperapo, chifukwa anali ndi amplifaya yawoyawo yopangidwira zimenezo. Dzina lake ndi lalikulu, wogulitsa adzakuuzani kuti ndi orijino, ndipo sakunama. Koma imodzi yokha ndi yokwanira kulemetsa tchanelo cha wailesi wamba, ngakhale musanawonjezepo ina. Sipika ya m'nyumba ya 8 ohm ilibe vuto kwa wailesi, ingolira motsika. Titwita tokhala ndi kapasita nato sitiwerengedwa ngati sipika yachiwiri, chifukwa kapasitayo imatchinga besi kuti isadutse.

Ngati mwaumirira masipika awiri pa tchanelo chimodzi, njira yake ndi ija amati series. Plus ya wailesi ipite ku plus ya sipika yoyamba, minus ya yoyambayo ipite ku plus ya yachiwiri, ndipo minus ya yachiwiri ibwerere ku wailesi. Apa ndiye 4 ndi 4 zimapangadi 8. Wailesi imapuma bwino, koma ndikuuziretu kuti mphamvu imatsika ndi theka, n'kugawidwanso pawiri. Wofuna kugwedeza mawindo sakhutira nazo.

Wofuna besi agule amplifaya. Ndalama zimene mnyamata uja anataya pa mawailesi awiri zikanamugulira amplifayayo poyamba pomwe. Imangidwe ndi waya wake wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, osati kumapeto m'buti, chifukwa waya akapekesedwa ndi chitsulo pakati pa njira fyuzi ya kumapeto sithandiza. Koma nayonso amplifaya ili ndi malire ake a ma ohm, ndipo ambiri amene anapulumuka pa wailesi amakagwera apa. Ma amplifaya ambiri a matchanelo awiri amalola 2 ohm pa tchanelo chilichonse, koma mukaphatikiza matchanelo awiriwo kuti akankhe wufa imodzi, kumene amati bridge, safuna zochepera 4 ohm. Mawufa ena alinso ndi makoyilo awiri, ndipo mudzawadziwa chifukwa ali ndi malo anayi omangirapo waya. Ya makoyilo awiri a 4 ohm imakhala ya 2 kapena ya 8, malinga ndi mmene mwalumikizira. Ya makoyilo awiri a 2 ohm imakhala ya 1 kapena ya 4. Wufa yomweyo, amplifaya yomweyo, kusiyana kwake ndi kawaya kakafupi kamodzi. Amene anakumangirani anakuuzani kuti anasankha iti?

Eni minibasi amvetsenso ichi, poti m'mabasi a ku Chongwe masipika amapachikidwa mpaka pansi pa mpando womaliza. Minus ya sipika si ethi. M'mawailesi a masiku ano mawaya onse awiri a sipika amanyamula magetsi, ndipo ndi mmene wailesi imapezera mavoti 10 aja kuchokera ku mavoti 14 a batire. Wofuna kusunga waya akamangirira minus ku chitsulo cha galimoto, kapena akaphatikiza ma minus a matchanelo awiri, IC ingapse tsiku lomwelo ma ohm ali olondola. Komanso mabasi a dizilo ngati Rosa ndi Coaster ambiri amayendera mavoti 24 a mabatire awiri, ndiye wailesi ya mavoti 12 imafuna chotsitsira magetsi. Kuba magetsi pa batire limodzi mwa awiriwo kumalitopetsa lokha, mabatire onse n'kufa msanga.

Musadikire utsi. Loweruka lino, musanapite kotsukitsa galimoto, zulani pulagi ya wailesi mupime matchanelo onse anayi, ndipo chilichonse chimene chaonetsa pansi pa 3 chichotsedwe sipika yowonjezera tsiku lomwelo. Zulaninso fyuzi muone ngati ndi fyuzi yeniyeni ya nambala yoyenera. Ndipo mmisiri amene wabwera ndi pulayala ndi tepi yakuda koma alibe mita, musamupatse kiyi wa galimoto yanu.